Miyendo ya Amayi Itaphwa

Kwathu ku Chapananga, m'zaka zakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi, mayi aliyense wotha kuimirira ankavina. Zikangomveka kuti Pulezidenti akubwera kuchigwa kuno, unkadziwiratu kuti khasu ligona, mbuzi zidzionera zokha, ndipo masana onse akathera pabwalo la sukulu kuphunzira nyimbo ndi masitepe. Wopulumuka anali wodwala yekha, komanso matenda ake anayenera kuoneka ndi maso. Zoti mutu, zoti msana, ukauze wina.

Matenda a amayi anga ankaoneka. Unali mtima. Miyendo inkatupa kuyambira kuphazi mpaka m'mawondo, khungu lili nyezinyezi. Kugona chagada sankatha, ankabanika, ndiye ankagona chokhala atatsamira thumba la mapira. Kuchoka pakhonde kufika pankhokwe unali ulendo wopumira panjira. Ine nthawi imeneyo ndinali nditabwerera pakhomo pawo ukwati utandikanika, ndipo za ukwatiwo musandifunse. Bambo anali atamwalira kale, achimwene ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe, choncho wosamalira amayi ndinali ine.

Woyang'anira amayi ovina m'mudzi mwathu tinkangowatchula kuti amayi a tcheya. Anali amsinkhu umodzi ndi amayi anga, ankapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo munda wawo unachita malire ndi wathu. Iwo anali ndi njira yawo yoyezera odwala. Ankafika pakhomo, kupereka moni bwinobwino, n'kugwada, n'kudina ndi chala chachikulu pamsongolo wa amayi. Akachotsa chala pankatsala kadzenje, osabwerera msanga. Akatero ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Pepani achemwali, gonani," basi n'kumapita. Kadzenje kameneko ndi komwe kankawapulumutsa amayi ku gule.

Kuchipatala nako poyamba ankangoti agone, asagwire kanthu. Amayi anagonadi chilimwe chonse pamphasa. Koma m'malo mopeza bwino ankangofota. Ntchafu zinatha, manja anatsala mafupa, mapazi okha ndiwo ankanenepa. Mpaka kupita kuchimbudzi ndinkachita kuwagwirizira.

Mvula isanalimbe tinawakweza pangolo ya ng'ombe kupita kuchipatala cha mishoni, kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza. Tinapezako dokotala watsopano, wachinyamata, wolankhula mofulumira. Anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, anawasinthira mapiritsi otulutsa madzi m'thupi, n'kuletsa mchere. Kenako ananena zomwe zinandikwiyitsa.

"Mayiwa aziyenda," anatero.

"Aziyenda kupita kuti?" ndinafunsa ine. "Adokotala, mwawaona bwinobwino koma? Munthu akulephera kufika pankhokwe!"

Sanakhumudwe. Anati mtima wa amayi ndi wofooka ndipo sudzabwereranso mwakale, zimenezo tisadzinamize. Koma thupi likangogona, minofu ya m'miyendo imafota, ndiye kantchito kakang'onong'ono kamaupanikiza mtima kuposa kale. Munthu akamayenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, kukadali kozizira, minofu ija imazolowera kugwira ntchito popanda kuuvutitsa mtima, mpweya n'kumakwanira. Anati azikamba nkhani poyendapo. Mawu akayamba kudukaduka, osatha kumaliza chimene akunena, akhale pansi pomwepo mpaka mawu abwerere.

Amayi anafunsa ndi mawu otsika kuti, "Nanga gule?"

Dokotala uja anayang'ana kuchitseko kaye. Atatero anawerama ngati akufuna china pansi pa tebulo, n'kunena chapansipansi kuti, "Padzuwa tsiku lonse, popanda kukhala pansi, kumeneko n'kudzipha." Anadzuka n'kuitana wodwala wina.

Pobwerera pangolo paja ndinkangowerenga zomwe zatigwera. Akapanda kuyenda, mtima uwamaliza pamphasa. Akayenda anthu n'kuwaona, ndiye kuti achira, ndipo wochira amakwera lole kukavina. Kukana kunalibe. Amayi anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, anabwera kuno ali mtsikana, ndipo Chisena chinali chisanawachoke pakamwa. Munthu wotere akakana gule sankati watopa, ankati ndi wogalukira, ndipo mawu amenewo ankatha kukafika mpaka kuntchito kwa achimwene.

Choncho tinagwirizana zoyenda mobisa. Poyamba tinkangozungulira kuseri kwa khola la mbuzi, komwe mpanda wa udzu unkatitchinga. Zinali zomvetsa chisoni. Amayi ankaponya phazi, kuponya linzake, ndodo ili m'manja, kenako wefuwefu atagwira mtengo wa khola. Ine ndinkaona ngati andifera m'manja chifukwa cha nzeru za kamnyamata kakuchipatala kaja. Kangapo konse ndinawauza kuti tisiye. Iwo ankangokana m'Chisena chawo kuti, "Nkhabe," n'kunyamulanso phazi.

Mapira atakula kupitirira mutu wa munthu, tinasamukira kumunda. Munda wathu unayambira kuseri kwenikweni kwa nyumba, ndiye tinkangolowa m'mawa dzuwa lisanapse, mame akutinyowetsa zitenje. Mukalowa m'mapira aatali simuoneka, ngakhale munthu atadutsa pafupi. Tinkatsata mzere umodzi. Pakati pa munda panali chulu, kumapeto kwake mlambe. Masiku oyamba chulucho chinali kutali ngati kuboma.

Poti dokotala anati azikamba nkhani, amayi anasankha nkhani imodzi yokha, ya ukwati wanga. Aa, ndinaimva nkhani imeneyo! "Mwamuna uja ndinakuuza ine, wa nsapato zosongoka uja, munthu wobwera kudzafunsira mbeta atavala magalasi akuda, iwe unaona chiyani pamenepo?" Ine ndinkaluma mano, chifukwa ntchito yanga inali kumvetsera mpweya wawo, osati kuyankha. Akayamba kuti, "Ndinaku... ndinakuuza... ine," ndinkawagwira mkono n'kuwakhazika pamzere. Mawu akabwerera, kunyoza kunkapitirira pomwe kunalekera.

Kenako zinthu zinayamba kusintha ndikuona. Tsiku lina anafika pachulu atamaliza nkhani yonse ya magalasi popanda kupumira. Patapita masabata anadutsa chulu. M'mawa wina anagwira mlambe ndi dzanja lawo, n'kuusisita, n'kuseka. Ndinali nditaiwala kaseko kawo. Anayamba kudya bwino, ngakhale ankadandaula kuti ndiwo zopanda mchere ndi chilango. Thumba la mapira lotsamira lija analikankhira kumbali n'kumagona ngati anthu ena onse. Ndinasangalala, koma chisangalalo chake chinali cha mantha, poti tikangotuluka m'munda amayi ankabwerera pamphasa ya pakhonde, kufunda chitenje mpaka kumapazi, n'kumabuula munthu akamadutsa. Zimenezi ankadana nazo kwambiri. Ankati moyo wawo wonse sananamepo matenda, lero akunama ngati mwana wothawa sukulu.

Mapira atatulutsa ngala, mawu anafika oti Pulezidenti adzayendera minda kuchigwa. Ng'oma zinayamba kulira pabwalo la sukulu masana alionse. Ine ndinkapita, chifukwa ine ndinalibe chonamizira. Amayi a tcheya ankandifunsa za odwala, ine n'kumayankha nditagwetsa nkhope kuti chimodzimodzi. Sanabwere kudzadina mwendo, poti matenda a amayi ankadziwika ndi mudzi wonse.

Pali chinthu chimodzi chomwe tonse awiri tinachiiwala, ife anthu okulira m'mapira. Ngala zikayamba kukhwima mbalame zimatera, ndipo aliyense amamanga nsanja m'munda mwake yoingitsira mbalamezo. Munthu wa pansanja amaona munda wonse kuchokera pamwamba, wake ndi wa mnzake yemwe.

M'mawa umenewo amayi anali pachimake. Ankayenda patsogolo, ndodo ataikoleka paphewa, akufotokoza mokweza za apongozi anga akale. Tili pafupi ndi mlambe tinamva zitini zoopsezera mbalame zikulira, kenako mawu ochokera kumwamba.

"Mwadzuka bwanji kumeneko, odwala?"

Ndinakweza maso. Amayi a tcheya anali chiimire pansanja yawo yatsopano, kutsidya kwa malire a munda, chingwe cha zitini chili m'manja. Sindikudziwa kuti anali atationera nthawi yaitali bwanji. Amayi anatsitsa ndodo paphewa pang'onopang'ono n'kuyankha moni mwaulemu wake. Tinatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Amayi a tcheya anabwera masana omwewo, ali ndi mnyamata wa chipani wa malaya ofiira. Mnyamatayo anaima pafupi ndi nkhokwe, iwo anakhala pamphasa. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu kuti achemwali achira. Ine magazi anali atawira kale.

"Sanachire!" ndinakuwa. "Kuyendako ndi mankhwala, anachita kulamula ndi adokotala. Mtima udakali womwewo. Mukufuna akafere pabwalo? Taonani nokha!"

Ndinagwada, kuvundukula chitenje, n'kudina ndi chala changa pamsongolo wa amayi. Ndinadina mwamphamvu mpaka amayi anatsinzina. Nditachotsa chala, khungu linabwerera pomwepo. Panalibe kadzenje. Ndinadinanso pafupi ndi kakolo, mwendo winawo, chimodzimodzi. Miyendo inali itaphwa, mitsempha ya pamapazi ikuoneka. Ndinkawasambitsa amayi tsiku ndi tsiku, ndinkadziwa kuti kutupa kukuchepa, koma mkwiyo unandithamangitsa mpaka ndinawapatsa amayi a tcheya umboni ndi dzanja langa.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti amayi anayang'ana mwendo wawowo n'kumwetulira. Kanthawi kochepa chabe, koma ndinaona. Anali atadikira nthawi yaitali kuti aone mwendo wawo uli choncho.

Amayi a tcheya sanakweze mawu. Anati, "Iwe mwana, ukuona ngati ine ndimakonda zimenezi? Lole ikapita yosadzaza, wofunsidwa ndine. Ndipo pansanja sindinakwere ndekha m'mudzi muno, ena aonanso." Anatembenukira kwa amayi. "Achemwali, nyimbo mukuzidziwa kale, pabwalo la sukulu musavutike kubwera. Koma lole ikafika mukwere. Musaiwale komwe munachokera, poti alipo ena sanaiwale." Mnyamata wa malaya ofiira uja ankangokanda pansi ndi ndodo yake.

Ndinaganiza zothamangira kwa dokotala, koma Mwanza anali atadzaza, madzi ofiira akukokolola mitengo, ngolo sikanaoloka. Achimwene atamva anabwera panjinga, thukuta lili kamukamu. Anakhala pakhonde atagwira mutu, kenako anatulutsa kaphukusi ka nsomba zouma zothira mchere wambiri. Anati amayi asiye mapiritsi masiku otsalawo, asiye kuyenda, adye nsombazo. Miyendo itupanso, amayi a tcheya adzadina, kadzenje kadzatsala, nkhani yatha. Ankalankhula misozi ili m'maso. Nzeruyo inali yoopsa koma inkaoneka kuti ingagwire.

Amayi anayang'ana nsombazo nthawi yaitali. Mchere ankaulakalaka, ndikudziwa. Kenako anakankha kaphukusiko ndi phazi.

"Nkhabe," anatero. "Mukudziwa inu kubanika? Mukudziwa kukhala tsonga ukufunafuna mpweya ngati nsomba ya pamchenga? Ndabwerako kumeneko ndi miyendo yangayi. Ndibwererenso dala? Ndikavina."

Achimwene anawachonderera, ine ndinakalipa, ndinalira, ndinawatchula ouma mutu. Sizinathandize. M'mawa mwake anamwa mapiritsi awo n'kundiuza kuti titenge ndodo tipite kumlambe.

Tsiku la gule litafika, lole inabwera kukucha. Tinakwera tonse titavala nsalu yofanana, tinapanikizana chiimire, msewu wake wa mabampu. Amayi ndinawaika pakona kuti atsamire, ine n'kuwatchinga ndi thupi langa. M'chitenje ndinabisa botolo la madzi. Pabwalo lomwe anatitsitsa panalibe mtengo ngakhale umodzi. Magulu a amayi ochokera m'midzi yonse anatiimika m'mizere, ndipo anyamata a malaya ofiira ankayendayenda ndi ndodo kuona kuti mizere isapindike. Amene amadziwa dzuwa la kuchigwa kuno andimvetsa. Limawotcha kumutu, nthaka n'kumawotcha kumapazi, mphepo osaomba.

Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Amayi anapirira, ndipo ndinadabwa. Munthu amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankalephera kufika pankhokwe anaima nawo m'mawa wonse. Nditawapatsa madzi mobisa anandinong'oneza kuti, "Ukuona? Ndi ntchito ya mlambe uja." Koma milomo yawo inali itayamba kuchita mbuu.

Kenako kunamveka magalimoto, ng'oma zinasweka, mluzu unalira, gule anayamba. Kuyambira pamenepo kukhala pansi kunali mlandu. Ine miyendo inkavina yokha, khutu langa lonse linali pa mawu a amayi. Nyimbo yoyamba anaimba yonse. Yachiwiri anayamba kudumpha mawu. Pofika yachitatu ankangotsegula pakamwa, liwu limodzi, kupuma, liwu lina, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Amayi, khalani pansi," ndinatero.

"Andi... andiona."

"Khalani pansi, ndakupemphani!"

Sanachite kusankha, mawondo anangopinda okha. Anakhala pafumbi, dzanja lili pachifuwa, maso ali tong'o. Mumzere mwathu munatsala mpata woonekera patali, ndipo ndinaona mnyamata wa malaya ofiira, wachilendo, akutembenuka n'kuyamba kubwera, ndodo ili m'mwamba. Ndinagwada n'kuwafungatira amayi. Ndinati ndodoyo ikatera itere pa ine, ndipo ndinali nditakonzeka kumuluma.

Mluzu unalira pafupi ndi khutu langa. Anali amayi a tcheya. Anakuwa kuti, "Zungulirani! Zungulirani!" n'kukoka mayi wa kumapeto kwa mzere, mzere wonse n'kupindika kukhala bwalo, ife tili pakati. Amayi a m'mudzi mwathu anamva msanga. Anathithikana phewa ndi phewa, kutipatsa misana, akuvina mwamphamvu kuposa kale, fumbi lili koboo. Ndinamva amayi a tcheya akukalipira mnyamata uja kuti, "Choka apa iwe, sukuona amayi akuvina? Ukufuna kulowa pakati pa azimayi ako?" Sanalowe.

Pulezidenti tsiku limenelo sindinamuone. Ndinaona zidendene zong'ambika, fumbi ndi nkhope ya amayi anga. Ndinawathira madzi kumutu, kuwakupiza ndi duku, ndikuwauza kuti, "Lankhulani amayi, nenani za magalasi aja, nenani chilichonse." Sanathe. Ankangondifinya dzanja. Bwalo lija silinamasuke mpaka magalimoto atapita, ndipo pokwera lole anachita kuwanyamula amayi anzawo.

Anafika kunyumba amoyo, koma thumba la mapira lija linabwerera kumsana kwawo. Miyendo inatupa kuposa kale, chifuwa chinkalira. Tsopano kubuula kwa pakhonde kunali kwenikweni. Madzi a Mwanza atatsika tinawaolotsa pangolo. Dokotala uja anamvetsera pachifuwa, n'kundiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu, ndipo sanafunse kuti kunachitika chiyani. Anawagoneka m'chipatala masiku angapo. Potitulutsa anati mtima wabwerera m'mbuyo kwambiri, mwina zomwe zatayika sizibwerera zonse, koma kutupa kukachepa ayambirenso kuyenda, kuyambira pachiyambi.

Amayi a tcheya anabwera kudzazonda. Anakhala kumapeto kwa mphasa, anayang'ana miyendo yotupayo, manja awo ali pamiyendo pawo. Sanadine. Amayi anawauza m'Chisena kuti, "Takhuta, achemwali," kuwathokoza chifukwa cha bwalo lija. Ine sindinathokoze, ndipo madzi akumwa sindinawapatse. Ndi iwo anatikweza lole, ndi iwonso anatitchinga. Mpaka lero ndikawakumbukira mtima wanga sudziwa kuti uime pati.

Pamene kutupa kunkachepa, mapira anali atakololedwa. Kuseri kwa nyumba kunangotsala ziputu, mbuzi zikudya mapesi, chulu ndi mlambe zili poyera, munthu n'kuonekera kuchokera kumsewu. M'mawa wina ndikusesa ndinamva amayi akuitana.

"Iwe, ndipatse ndodo yanga."

"Tikabisala kuti, amayi? Mapira adula."

"Ndani wanena zobisala? Ndinavina kale ine. Akufunanso chiyani?"

Sanalowere kumunda. Anatulukira kumaso kwa nyumba, kumsewu weniweni wodutsa pakhomo pa amayi a tcheya, nthawi imene anthu amapita kumjigo. Ndinayenda pambali pawo nditagwira chigongono chawo. Anthu ankaima n'kumatiyang'ana. Amayi ankaponya phazi, kuponya linzake, mutu uli chilili.

Sitinapite patali. Mtunda wake sunafike ngakhale wa pachulu paja, ndipo kumlambe sanadzafikekonso moyo wawo wonse. Mawu atayamba kuduka ndinawakhazika m'mbali mwa msewu, ine n'kukhala nawo pafumbi pomwepo, anthu akutilambalala ndi zidebe zawo. Tinadikira. Ndinkayang'ana mapewa awo akukwera ndi kutsika, ndikupempha chamumtima kuti liwu limodzi lokha lituluke. Patapita nthawi anameza malovu, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Koma mwamuna uja," anatero, "wa nsapato zosongoka uja, iwe unaona chiyani pamenepo?"

Ndinalira pamsewu pomwepo ngati kamwana. Kenako ndinawadzutsa, tinapitirira pang'ono.